Nkhope ya mkazi wanga pa tivi ya alamu

Mkazi wanga atamwalira ndinatsala m'nyumba imene tinamanga kumudzi kwawo, m'munsi mwa phiri la Michesi. Kuno mwamuna ndi mkamwini mpaka imvi. Mkazi akatsogola, abale ake amakhala pansi n'kukusudzula, iwe n'kutenga khasu lako kubwerera kwanu. Ine kwathu kulibenso wondidziwa. Nkhani yanga anaiimika kaye mpaka tsiku lovundukula chiliza.

Ndinali ndi zithunzi zake zochepa, zina zodyedwa ndi chiswe m'mbali. Ndinapita nazo kwa Chiringa, kwa bambo wina woika nyimbo m'mafoni, kuti azilumikize zikhale kanema, nyimbo ya kwaya ya malemuyo ikumveka pansipansi. Pa kompyuta yake zinaoneka bwino moti ndinatuluka panja kukapukuta m'maso. Anandiikira mu filashi.

Tivi m'mudzimo inali imodzi yokha, ya alamu aakulu, mchimwene wake wa mkazi wanga, yoyendera batire ya sola. Tsiku la chiliza likuyandikira, tinati tiyese. Anthu anadzaza m'nyumba mpaka pakhomo. Nyimbo inayamba bwinobwino, koma galasi linali bii, ngati mphika wa kumaliro. Timalemba tachingerezi tinaoneka pakona, kenako n'kuzimiririka.

"Alamu, mwayenda ulendo wonsewu kukatigulira mdima?" anatero mwini tiviyo, ena n'kuseka.

Mng'ono wake wa mkazi wanga sanaseke. "Wakana," anatero. "Mwana wa mayi anga wakana kuonetsa nkhope yake kudzera m'manja mwa munthu uyu."

M'nyumbamo aliyense ankadziwa zimene ankanena. Zaka zimene ndinasowa pakhomo, mkazi wanga akulera ana yekha, palibe amene sazidziwa, ndipo sindizilemba pano. Zimenezo ndi za ine ndi iye. Koma ndinaona kuti mawu akuti wakana akangomera mizu, adzandisudzula nawo, ndipo ana anga adzakalamba akukhulupirira kuti mayi awo anandikana ali m'manda.

Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi zidzukulu, ku sukulu ya kwacha, pakati pa amayi amene ankandiseka kagwiridwe ka pensulo. Ndisanaphunzire, pepala lililonse linali mdima kwa ine, komatu mawu anali momwemo. Choncho ndinaimirira n'kunena kuti, "Mkazi wanga ali mu filashimu. Tivi yanuyi ndi imene siidziwa kuwerenga."

"Tivi yanga imaonetsa mpira wa kunja," anayankha alamu. "Ilephere bwanji mlongo wanga?"

M'mawa ndinabwerera kwa Chiringa. Bambo uja analowetsa filashi, kanema n'kuoneka. "Agogo, kwa ine ikusewera. Vuto lili kwanu." Ndinamufunsa ngati ankafuna kuti maliro onse abwere adzaonere mu shopu mwake. Anangotambasula manja.

Ndinakwera kabaza wa ku Boma, kumene anandilozera kwa mayi wina wojambula maukwati. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ngakhale za mzimu zomwe.

"Bambo, akanakhala kuti akufa ndi amene amadetsa magalasi, bwenzi ine ndili sing'anga wotchuka," anatero. "Izi zimachitika ngakhale ndi mkwatibwi wamoyo, wonenepa bwino."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Kompyuta imalandira chilichonse, koma tivi zakale n'zosankha ngati wodwala. Kanema wopangidwa ndi zithunzi zoima amasunga mitundu m'njira imene tivi zina siziidziwa. Zithunzi zanga zinalinso zosiyana kukula, china chachitali, china chachifupi. Ndiponso bambo uja anaika chithunzi chimodzi kuti chingokhala duu, pamene tivi imafuna zithunzi zambirimbiri zotsatizana msangamsanga, ngakhale chikhale chimodzi chomwecho chobwerezedwa. Anakonza zonsezo, n'kundiikira kanemayo m'mapangidwe angapo, kuti wina akakanika tiyese wina.

Sindinapite kunyumba. Ndinazungulira msika wonse ndi filashi yanga. Ndinayesa kwa wogulitsa mativi, ndinayesa kwa ometa tsitsi, ndinayesa ku vidiyo kumene anyamata anandizuma chifukwa chowadulira filimu ya nkhondo. Kwina kunkaoneka kanema uyu, kwina uyo, koma panalibe pamene mkazi wanga analephereratu kuoneka. Wometa wina anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Madala, munasankha." Ndinamuuza kuti asamale lumo lake.

Nditafika kumudzi ndinapempha alamu kuti tiyesenso. Anakana. "Batire si ya masewera. Mudzachita manyazi anu pa tsikulo, anthu onse akuona." Ndinavomera. Ndikanatha kubwereka tivi ina ku Boma, koma akanati ndathawa. Ndinkafuna yomweyo, imene anati mkazi wanga wandikaniramo.

Pa tsikulo, titachoka kumanda, anatulutsa tivi n'kuiika pa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Panali abale ochokera kutsidya kwa malire, a mpingo, ndi ana anga onse. Ndinalowetsa filashi ndekha. Kanema woyamba anatulutsa nyimbo yokha, galasi bii. Ndinamva mng'ono wake uja akukoka mpweya kuti alankhule.

"Dikirani, mayi," ndinatero. "Munadikira kuti ndikalambe, izi zokha musapupulume."

Ndinawerenga mayina a makanemawo pagalasi n'kusankha wotsatira. Kunabwera kuwala, kenako mkazi wanga ataima pakhomo la tchalitchi, atavala zoyera za chigwirizano, akuyang'ana wojambula ngati amukalipire. Amayi anayamba kulira. Mwana wanga wamkazi woyamba anadzakhala pansi pafupi ndi mapazi anga, chinthu chimene anali asanachitepo chikulire.

Kanema atatha, alamu anakanda kukhosi. "Nanga mdima uja unali wa chiyani?"

"Unali wa tivi yanu," ndinatero.

Madzulo akuluakulu anakhala pansi kuti akambe za ine. Mwana wanga uja analowa osaitanidwa, n'kunena kuti nyumbayo ndi ya mayi ake, tsopano ndi yake, ndipo bambo ake sapita kulikonse. Mng'ono wa mkazi wanga mpaka lero sandipatsa moni. Ine ndimamupatsa, mokweza, tsiku lililonse akamadutsa kupita kumjigo.