Khasu la Amayi pa loboti ya ana anga

Salamu nonse, abale.

Lero kusukulu ana anga a Fomu 2 amayesa pamchenga maloboti awo otola zinyalala. Lachisanu kuli chionetsero ku boma, ndipo tikuloledwa kupita ndi imodzi yokha.

Gulu la mtsikana wina, Asiyatu, linapanga yachitsulo chokhachokha, cha njinga yakufa. Yolimba zedi, koma inatitimira mumchenga, batire n'kutha. Gulu linalo linapanga yansungwi. Inathamanga ngati nkhanu, koma itangonyamula botolo, mkono thyo!

Asiyatu akuti, "Aphunzitsi, ndiye tisankhe iti?"

Ine maso anali pa ana, koma ndinkaona malemu Amayi, m'mawa uja tinkathawa nkhondo ku Mozambiki. Atagwada pakhomo, akugulula khasu. Mpini anauponya kuseri kwa nkhokwe, khasulo n'kulikulunga m'chitenje. Ati, "Mtengo tikaupeza kulikonse, koma chitsulo ayi." Khasu lomwelo ndi limene linatidyetsa titafika ku Katuli.

Ndinawafotokozera anawo. Pofika masana anali ataphatikiza ziwirizo: chitsulo m'mawilo ndi pamkono basi, kwina konse nsungwi. Inayenda, abale! Pang'onopang'ono, botolo m'mwamba, ngati mayi wosenza katundu amene akudziwa kumene akupita. Ana ankakuwa, ine misozi ili lengelenge.

Amalume a Saidi, khasu lija lidakali kwanu? Mukuona bwanji, ndilitenge Lachisanu? Ndikufuna Amayi akakhalepo nawo.