Udzu umene unkayandikira khonde

Fungo la kapinga wongotchetcha kumene limandibwezera ku Uliwa, kunyumba ya aphunzitsi komwe tinkakhala ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinali obwera, kwathu ku Ntcheu. Bambo anadzala pabwalo kapinga wa timasamba tating'ono tofewa, ndipo Loweruka lililonse ankamutchetcha okha, thukuta lili kamukamu.

Dzinja limenelo bambo anadwala chifuwa, nakagonekedwa kuchipatala ku Mzuzu. Mayi anapita kukawadwazika. Ine anandisiya m'manja mwa anyaGondwe, mayi woyandikana nafe amene ankalima mpunga ku Hara. Pokwera minibasi bambo anati, "Chisomo, undisamalire kapinga wanga."

Patangotha sabata ndinaona chigamba chachilendo pafupi ndi mpopi. Udzu wake unali wotuwirako, wa masamba otambalala osasongoka, ndipo sunkaimirira koma kuyanga pansi ngati mphasa. Pomwe wadutsa, kapinga wa bambo ankafa. Mnzanga wina kusukulu anati udzu wotere umamera pomwe munthu wakwirira mankhwala. Sindinauze aliyense. Mumtima ndinangotsimikiza kuti ukadzafika pakhonde, bambo amwalira.

M'mawa uliwonse ndinkayeza mtunda wotsala ndi mapazi: khumi ndi anayi, kenako khumi ndi awiri. Ndikaweruka ndinkazula mpaka zala kuchita matuza, koma ndinkangothothola masamba. Mvula ikagwa unkaphukanso, wonenepa kuposa kale. Foni ya anyaGondwe ikalira, ndinkathawira kuseri kwa bafa kuti ndisamve.

Tsiku lina masana anyaGondwe anandipeza ndikulira, atatsala mapazi asanu ndi awiri.

"Mwana wane, ukulira utheka?" anafunsa, potanthauza udzu. Nditawafotokozera sanaseke. Anagwada, napisa chala pansi pa chigambacho, natukula tsinde lalitali ngati chingwe, lokhala ndi mizu pa mfundo iliyonse. Anandionetsanso kaphesi kowonda kamene kunsonga kwake kanagawikana ngati phazi la nkhuku.

"Uwu ngwa kudambo. M'mizere ya ku Hara wadzaza. Ukulondola madzi basi. Ona, paipi yanu ikudontha."

Anamanga paipiyo ndi malegeni. Tinakumba kangalande kotaya madzi kumsewu, kenako tinagaula chigamba chonse ndi khasu, osasiya mfundo ngakhale imodzi. Udzuwo tinauyanika padzuwa, tinauwotcha usanagwetse njere, ndipo m'mabalamo tinawokeramo kapinga wabwino pothira manyowa a mbuzi. Komabe kwa masabata atatu ndinkadzuka ndi mantha kukasuzumira.

Bambo anabwera mpunga ukucha, ataonda mpaka malaya kuwakulira. Anaima pabwalo nthawi yaitali, akupuma mwapang'onopang'ono. "Wayesetsa, mayi wanga," anatero.

Pamenepo ndinkakhulupirira kuti ndawapulumutsa ndi khasu. Lero ndikudziwa kuti anawachiza ndi mapilisi amene anamwa miyezi isanu ndi umodzi. Akuluakulu anandibisira dzina la nthendayo poganiza kuti akunditeteza, ine nkudzipezera ndekha mdani woti ndingamugwire ndi manja.