Kagalimoto Kofiira Kamene Kanakana Kutulutsa Mayi Rosaria

Inu amene mwadzuka lero mukuona ngati dziko lakufulatirani, khalani pansi ndikuuzeni za Abson wa ku Kasisi. Mnyamata ameneyu analephera mayeso a Giredi 12 kulephera kosachita kufunsa, ndipo ntchito yokha imene anaipeza inali yotsuka galimoto pa boma la Chongwe.

Ntchitoyonso sinakhalitse. Tsiku lina mwini galimoto anamupeza atakhala pampando wa dalaivala, wagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuliza injini ndi pakamwa mpaka malovu kuthovokera pagalasi. Anamuchotsa ntchito pomwepo, anthu apamsika akuseka. Abson anabwerera kwawo wapansi, akulira ngati mwana.

Bambo ake anali atamwalira kalekale. Mayi ake, Mayi Rosaria, ndiwo ankadyetsa banja pogulitsa repu ndi tomato. Anamusiya alire mpaka misozi itaphwa, kenako anati, "Kulira kwakwana. Manje uka, uyende ku Silverest. Anthu amanga manyumba kuja, ndipo nyumba siifunsa setifiketi."

Abson anapita. Anasenza mchenga, anakanda simenti, manja anachita zikang'a. Ataona mmene anzake ankaumbira mabuloko, anabwereka chikombole n'kuyamba ake. Oyambirirawo anali achisoni. Wogula wina anangogunda limodzi ndi nsapato, bulokolo n'kubwerera kukhala mchenga. Abson sanafooke. Anaphunzira kusaumira simenti ndi kuthirira mabuloko m'mawa ndi madzulo mpaka atakhwima.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Patapita zaka, Abson anali ndi bwalo lake, makina ake ndi antchito ake. Anthu amene kale ankamuitana kuti "iwe" anayamba kumutchula "ba Abson".

Koma matenda a galimoto sachira. Tsiku lina atapita ku Lusaka kukagula simenti, anaona kagalimoto kofiira katayima kuseri kwa galasi, katsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Kanali kafupi, kodukiza kumbuyo, chitseko cha katundu chotsegukira m'mwamba, mimba yake yotsala pang'ono kupsompsona pansi. Wogulitsa wake, mnyamata wa tayi dzina lake Prince, atakaliza, Abson anaiwala za simenti.

Kuyambira tsikulo munthu anasiya kudya bwino. Antchito ake ena ankati agule, wavutika mokwanira. Ena ankati kagalimoto kotero n'ka anyamata a m'maofesi a ku Lusaka, amene matayala awo sadziwa fumbi.

Panali nkhani inanso imene inkamudya mumtima. Mawondo a Mayi Rosaria anali atatha, ndipo anali atasiya kupita ku Misa ku mishoni ya Kasisi, kumene anapemphera moyo wawo wonse. Lamulungu lililonse ankasamba, n'kuvala chitenge cha mpingo, n'kukhala pakhonde kumvetsera belu lili patali. Abson ankawaona choncho sabata ndi sabata. Ndiye anadzinyengerera kuti kagalimoto kofiira n'kogulira mayi. Tonsefe timadziwa kunama kotereku tikafuna chinthu.

Anauza Prince kuti asanagule, akufuna akayese Lamulungu, pamsewu wa kwawo, mayi ali momwemo. Prince, pofuna kuti malonda atheke, anabwera nako yekha m'mawa, atakapukuta mpaka kuwala.

Kulowa sikunavute. Mayi Rosaria anangodzisiya, n'kugwera mumpando ngati thumba la chimanga. "Nakhala pansi kapena ni mu motoka?" anafunsa. Abson anagwira chiwongolero, Prince anapinda miyendo n'kukhala kumbuyo, mawondo ali pachibwano.

Msewu wa kwa Abson ndi wafumbi, ndipo mvula inausiya uli ndi mizere ngati munda. Sanapite patali, mimba ya galimoto inakhula pansi, khwee! Prince anatseka maso. "Pang'onopang'ono, bosi. Motoka iyi siinagulidwe."

Kenako patsogolo panaoneka Mayi Judith, mnzawo wa Mayi Rosaria wa m'kwaya, atasenza dzungu, tambala ali m'khwapa. Zinali zokapereka paguwa. Tsono kwathu kuno munthu wa pagalimoto sapitirira mnzake wa mpingo umodzi akuyenda pansi. Ukatero, nkhani yako imakafika kutchalitchi iwe usanafike.

"Imilira!" anatero Mayi Rosaria.

Prince anayesa kudandaula. "Amai, iyi ni motoka ya masipotsi, si ya..."

"Judith nayenso anateyako netibo ku sukulu. Akwere."

Mayi Judith anakwera, ndipo si munthu wochepa thupi. Dzungu analiika pamiyendo pa Prince, tambala n'kumupatsanso kuti agwire. Galimoto inatsikiratu. Kuchokera pamenepo inkakhula pansi ngakhale pamene panalibe chokhula, ndipo mkulu wina wa panjinga anawapitirira akuwapatsa moni.

Atafika pa tara, msewu wa phula, Abson anaponda mafuta pang'ono. Abale, tinene zoona, kagalimoto kaja kanali kabwino. Kanathamanga mosalala ngati madzi, kakulira mokoma, ndipo Abson anamva chimwemwe chimene anachilota kuyambira ali mwana. Ngakhale tambala anakhala chete.

Mavuto enieni anayamba pabwalo la tchalitchi. Anthu anaunjikana kudzaona galimoto, Abson n'kutsika monyadira kukatsegulira mayi chitseko. Mayi Rosaria anayesa kudzuka, osatheka. Mpando unali wakuya, wowagwira m'nthiti mbali zonse, ndipo mawondo anakana. Abson anakoka dzanja, osatheka. Amayi awiri a kwaya anagwira mikono, Mayi Judith akukankha kumbuyo, wina akuwerengera ngati akukweza denga. Prince atafuna kuthandiza, tambala anapulumuka n'kulowa m'tchalitchi yekha, asanaitanidwe.

Pomaliza mayi anatuluka, duku lili pambali, chitenge chitamasuka. Anthu anaombera m'manja, ena akupukuta misozi ya phwete. Mayi Rosaria nawonso anaseka, koma Abson anaona kuti akubisa ululu, ndipo manyazi anali atawagwira.

Misa itatha, anthu akubalalika, mayi anamuitanira pambali mwana wawo. "Abson, nakuona mmene unali kusekera pa tara paja. Gula chabe, mwana wanga. Wavutika maningi. Ine nizapempherera pa nyumba, Mulungu amamvera kulikonse."

Mawu amenewa anamulasa kuposa tsiku limene anamuchotsa ntchito. Mayi akanamukalipira, mwina akanaumirira n'kugula. Koma mayi anali okonzeka kubwerera pakhonde paja kuti iye asangalale.

Anapita kwa Prince, amene anali akuchotsa nthenga pa tayi. "Ba Prince, motoka yanu ilibe mulandu. Ni yabwino, nayikonda. Koma siningagule motoka yamene amai anga afunika kwaya yonse kuti achokemo."

Prince anapumira m'mwamba, akuyang'ana pansi pa galimoto yake. "Bosi, kukamba zoona, na ine nakondwera."

Abson anagula chigalimoto chakale cha chitseko chotsetsereka, chachitali, choti munthu wamkulu amalowa ndi kutuluka ali chiimire. Mtundu wake palibe amene amaudziwa bwino, chifukwa dzuwa linaudya. Chikakwera chitunda chimatsokomola, ndipo palibe mtsikana amene anachewukapo chikamadutsa.

Mkati mwa sabata chimanyamula simenti ndi antchito. Lamulungu chimanyamula Mayi Rosaria kutsogolo, kumbuyo Mayi Judith ndi aliyense amene wapezeka panjira, pamodzi ndi maungu awo. Walira mvula walira matope: Abson tsopano ndiye amatumidwa kumaliro, kuchipatala ndi kuchigayo, ndipo amadandaula ngati wina aliyense. Sindikunamizani kuti kagalimoto kofiira anakaiwala. Kakamudutsa pamsewu wa ku Lusaka amakatsatira ndi maso mpaka katazimiririka. Koma mayi ake anabwerera pabenchi lawo m'kwaya, ndipo amaimba mokweza kuposa onse, ngakhale mawu anayamba kusasa.

Tsono inu amene mwalephera mayeso, inu amene akusekani pagulu, musagwe mphwayi. Dzukani, gwirani ntchito imene ilipo, mabuloko anu oyamba akaphwanyika umbani ena. Tsiku lanu losankha galimoto lidzafika. Likadzafika, musadzafunse liwiro lokha. Mudzayambe mwakhazikamo munthu amene anakunyamulani pamene munalibe kanthu, muone ngati angathe kutsikamo ndi ulemu wake.