Kamtima Kogunda Pang'onopang'ono

Tsiku limene tinathawa ku Zandspruit, ku Joni, ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku kiliniki. Anali masana, zovala za anthu zili pachingwe.

Mimba inali ya miyezi iwiri. Namwino anandionetsa kadontho kakuphethira pagalasi la makina. Anati kamtima kakugunda, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene kayenera kugundira. Ndibwerenso sabata yamawa. Ena amalimba, ena ayi. Sananene zambiri, panja panali mzere.

Kwathu ku Thyolo mimba siilengezedwa isanaoneke. Ankadziwa ndi mwamuna wanga yekha, Yohane, ndipo anali kuntchito yomanga ku Midrand. Ngakhale azakhali ake, a Nachisale, amene tinkakhala nawo m'kanyumba kamodzi ka malata, sindinawauze.

Phokoso linayambira kumashopu. Kenako utsi wa matayala. Mayi wina wachizulu woyandikana nafe anagogoda palata. Anati anthu a zikwanje akusaka alendo khomo ndi khomo, tivule zitenje, zitiulula.

Azakhali anali telala. Anamasula mutu wa makina awo osokera n'kundisenzetsa ine. Ndinali mtsikana, iwo mawondo anali atatha kalekale. Akanasenzetsa ndani? Chitsulocho chinkalemera ngati thumba la simenti. Nkhani ya mimba suiyamba kwa apongozi uli chiimire, nsapato zili m'manja.

Tinazembera kuseri, m'mbali mwa ngalande. Dzanja limodzi pamakina, lina pamimba. Ndinkayesa kumvetsera, ngati kuti kanthu kakang'ono chotero ungakamve ndi chikhato. Ndinkangomva mtima wanga ukuthamanga. Mantha ndinali nawo, koma osati a zikwanje zinali kumbuyo kwathu zija.

Titafika pamsewu waukulu wa ku Honeydew, azakhali anaima. Anayang'anitsitsa dzanja langalo.

"Apongozi, kodi muli ndi pakati?"

Ndinavomera ndi mutu. Ananditula makinawo n'kuwasiya paudzu, makina amene anawadyetsa zaka zonse za ku Joni. Sanacheukenso.

Tchalitchi china ku Midrand chinatilandira. Yohane anatipeza komweko, simenti ili m'tsitsi. Ndinkagona pamabenchi awiri ophatikiza, azakhali osandilola kunyamula ngakhale kapu. M'mawa uliwonse ndinkapita kuchimbudzi ndikuopa kuona magazi.

Sabata itatha azakhali anandiperekeza okha kuchipatala. Dokotala anafufuza nthawi yaitali. Kamtima kanali kataima. Anati si katundu, si kuthamanga, kanali kofooka kuyambira pachiyambi. Azakhali anamufunsa kawiri, ndipo kawiri konseko anayankha chimodzimodzi.

Lamlungu abusa anaimirira n'kuthokoza Mulungu kuti mwa ife a ku Zandspruit palibe ndi mmodzi yemwe amene watayika. Anthu anaomba m'manja, amayi ena nthungululu. Azakhali sanaombe. Manja awo onse awiri anali atagwira langa.