Phulusa la Azakhali Latsala pa Geti

Loweruka lapitali ndinaona munthu wamkulu akulirira dothi la m'matumba.

Munthuyo ndi azakhali anga, a Fanesi. Amuna awo anagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuyambira ine ndili mwana, ndipo atamwalira mwezi wathawu kampani inati nyumba ikufunika. Palibe chachilendo pamenepo. Nyumba za ku laini, kumene kampani imagoneka antchito ake, umakhalamo ukakhala pa ntchito. Ntchito ikatha, ngakhale ithe ndi imfa, umatuluka. Ndiye ndinapeza kalole ku Chitakale kuti tiwasamutsire kwa abale awo ku Chinakanaka.

Katundu wawo sanali wovuta: bedi, ndowa, mipando iwiri, nkhuku m'dengu. Koma nditazungulira kuseri ndinapeza matumba atandandalikidwa kukhoma, ndipo kadimba kawo kali kopalidwa mpaka pansi.

"Azakhali, izi ndi chiyaninso?"

"Kweza, mwanangu. Uko tikupitako n'kwa miyala yokhayokha. Ndikadzala pati mpiru?"

Amene mukudziwa dothi la m'tiyi mukundimvetsa. Ndi lofiira, lowawasa, tiyi yekha ndiye amalikonda. Azakhali atafika pa nyumbayo, ngakhale bonongwe ankachita manyazi kumera. Iwo m'mawa uliwonse ankawola phulusa m'mbaula yawo ya nkhuni, n'kukaliwaza kuseri ndi phale. Ankatero pang'onopang'ono, poti likachuluka limawotcha mbewu. Ankathirako zitosi za nkhuku ndi zinyalala zowola, ndipo phulusa lina ankawaza pa masamba pothamangitsa nsabwe. Zaka zitapita, kamalo kaja kanada bii. Mpiru, anyezi, tomato, nkhwani, ana onse anakulira pamenepo, ifenso obwera kudzacheza tinkabwerera ndi kamtolo.

Tinakweza matumbawo. Ine ndinkang'ung'udza za msana wanga, iwo akundiseka kuti anthu olemba m'nyuzipepala mafupa athu ndi a phala.

Pa geti mlonda anakweza dzanja. Ndi bambo wa mpingo umodzi ndi azakhali, anali nawo pa maliro paja. Anasuzumira, n'kugwira thumba limodzi, n'kuyang'ana kumbali.

"Amayi, pepani. Katundu wa m'nyumba adutsa. Koma dothi ndi la kampani."

"Dothi lake liti, a Makwinja? Ili ndi phulusa langa. Nkhuni ndinkasenza ndine, moto ndinkakoleza ndine. La kampani ndalisiya konko, lofiira lija, kalionenitu."

"Ndikudziwa, amayi. Koma likatuluka, mawa wotuluka ndine."

Sanali kunama. Nayenso amagona ku laini, nayenso ali ndi ana. Tinatsitsa matumba aja, iye akutithandiza.

Tsopano ndikufunseni, inu a malangizo. Pa wailesi mumatiuza tsiku ndi tsiku kuti feteleza wakwera mtengo, tisadandaule, tigwiritse ntchito phulusa ndi manyowa. Malangizowo ndi abwino, azakhali anawadziwa musanayambe kuwalankhula. Koma phulusa si feteleza woti uthire lero, ukolole chaka chomwecho, n'kumapita. Limafuna munthu wokhazikika. Kodi kuno ku Mulanje okhazikika ndi angati?

Pitani m'midzi muone. Wobwereka munda akauthira manyowa, chimanga n'kuchita bwino, chaka chamawa mwini wake amati, "Ndilimamo ndekha." Anthu anachenjera. Munda wobwereka saudyetsanso, amangouyamwa mpaka uwume. Kenaka timadabwa kuti nthaka yaguga, n'kumanena kuti alimi athu ndi aulesi.

Ulesi wake uti? Munthu waona anzake zikuwachitikira.

Ndikanakonda kukuuzani kuti azakhali akayambiranso. Sindikukhulupirira. Mawondo awo anatha, ndipo ku Chinakanaka nkhuni n'zogula. Azikaphikira mapesi ndi timitengo ta nandolo, zimene phulusa lake silidzaza n'chikhatho chomwe. Kuti miyala ija ide, pafunika moyo wina wathunthu, ndipo iwo alibe wachiwiri. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, ndipo ndilibe poti ndikadandaule, poti palibe amene anaphwanya lamulo.

Tisananyamuke panafika kapitawo pa njinga yamoto. Anafunsa za matumbawo, mlonda n'kufotokoza. Anamasula limodzi, n'kutapa dothi lija, n'kulifikisa m'zala.

"Muli phulusa umu," anatero. "Lisayandikire tiyi, liwononga. Mukakhuthulire m'ngalande umo."

Azakhali anamva. Sanatukwane, sanakuwe. Anangopempha kuti matumba opanda kanthuwo awabwezere, poti ndi awo.

Tinadikira pomwepo mpaka a Makwinja atamaliza kukhuthula.