Masamba a Maliro Amene Ndinadumpha

Ndinkakonzekera mpikisano wanga woyamba wa makilomita 21. M'mawa wina ndinasiya mwana kwa apongozi, cholinga ndithamange osaima paliponse. Ku Kawale ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Anjinga ankatsika n'kumakankha. Ine ndinayang'ana nthawi pafoni n'kudumpha masambawo, ndili m'kabudula, chitenje ndilibe.

Nyimbo ya amayi pasiwa inangoti zii. Zinkangomveka nsapato zanga zokha.

"Amayi, kwagwanji?" anafunsa abambo ena pabenchi, mosakweza mawu.

Manyazi anandigwira, bodza linangotuluka lokha. "Pepani, mwana wanga wadwala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye fulumiranitu."

Chifukwa cha bodzalo ndinabwerera panjira. Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi ali pakhomo, mwana ali m'manja, thupi lili ngati moto. Chonsecho ndinamusiya akuseka.

"Wakuuzani ndani?" anandifunsa.

Anali malungo, ndipo anachira. Mpikisano ndinamaliza, kumbuyo kwenikweni, ndikupenyetsetsa pamsewu ngati pali masamba. Mpaka lero apongozi amauza anthu kuti mtima wa mayi ndi umene unandibweza tsiku lija. Ine ndimangoti eya.