Njovu Yopanda Makutu

Ababa, lero achimwene atumiza uthenga kuti galimoto yapezeka, Loweruka tikupita ku Liwonde kukaona nyama. Ndawerenga, ndakumbukira inu. Ulendowutu unali wanu. Moyo wanu wonse pa Mua munkasema njovu zogulitsa kwa alendo, koma yamoyo simunaionepo, munkangoonera pa kalendala yakale ija. Ndikukumbuka tsiku lomwe ndinakupezani pansi pa mtengo wa mango n'kukuuzani kuti ndakonza zonse, minibasi yodzera ku Balaka, kogona, ngakhale boti la pa Shire. Munaika sompho pansi, n'kusasa utuchi pa malaya, n'kunena kuti, "Iwe, nanga ndikakapeza kuti zaka zonsezi makutu ndakhala ndikulakwitsa, anthu anagula aja ndidzawauza chiyani?" Tinaseka mpaka amayi anatuluka m'nyumba kudzafunsa chachitika. Kenako munati tiyambe takolola mpunga ku Bwanje. Mpungawo tinakolola popanda inu.

Kunena zoona ndinakukwiyirani, ndinkayesa kuti simunkafuna kupita. Koma posachedwa ndatenga njovu yanu yomaliza ija n'kuiyang'ana bwino. Miyendo, chitamba, minyanga, zonse munamaliza n'kusalaza, koma pamakutu mtengo munausiya osaukhudza. Kani munkadikira kuti mukaone kaye ndi maso anu.

Ndaikulunga m'chitenje, ikwera nafe. Ena akakhala kalikiliki ndi zithunzi, ine ndikangoyang'ana makutu, Ababa. Ndikakuonerani.